Mapaketi akumveka pa sipika koma Direwolf sikuwawerenga, vuto lili pati?

Membala wa gulu:
Akuluakulu odziwa za wailesi, thandizeni. Pali masiteshoni awiri a packet (kutumizirana mauthenga a kompyuta pa wailesi) otalikirana makilomita ngati 6, popanda phiri pakati. Mbali zonse pali wailesi ya m'manja ya Baofeng UV-5R, laputopu yokhala ndi Direwolf (pulogalamu yotumiza ndi kuwerenga mapaketi), sound card ya USB ndi chingwe chopanga tokha. Frequency ndi 144.800 MHz, MODEM 1200 (liwiro la ma bit 1200 pa sekondi), ndipo wailesi imatsegulidwa ndi VOX (imayamba kutumiza yokha ikamva mawu). Polankhula ndi pakamwa timamvana bwinobwino. Paketi ikatumizidwa phokoso lake limamveka mbali inayo, koma kompyuta imangowerenga apo ndi apo. Tigule TNC (bokosi lotumiza ndi kuwerenga mapaketi) kapena pali chomwe taphonya? Chachiwiri, mnzathu wina layisensi yake sinatuluke: angalowe nawo? Nanga mauthenga tingawabise ndi password?

Wamawaya:
Achimwene, ndalamayo isungeni kaye. Direwolf ndi TNC kale, ndipo pa 1200 imawerenga bwino kuposa mabokosi ambiri akale. Choyamba kuchotsa ndi VOX.

Paketi ya AX.25, lomwe ndi dongosolo la mapaketi amenewa, imayamba ndi ma flag, omwe ndi 01111110 mobwerezabwereza, kenako callsign (dzina la siteshoni pa wailesi) ya kopita ndi ya kochokera, uthenga, ndipo kumapeto kuli FCS ya ma bit 16 yotsimikizira kuti zonse zafika bwino. Bit imodzi yokha ikasokonekera, paketi yonse imatayidwa. Khutu limamva phokoso n'kuganiza kuti zadutsa, koma kompyuta ilibe chisoni chotero. Tsono paketi wamba ya APRS (njira yolengezera malo ndi mauthenga afupiafupi) imatenga pafupifupi theka la sekondi, pomwe VOX imayamba yamva mawu ndi pomwe imatsegula wailesi. Pofika nthawi imeneyo ma flag apita kale, mwinanso ndi mutu wa paketi womwe. Ikamaliza imachedwanso kutseka, ndiye yankho la mnzanu limakupezani mudakali pa transmit.

Pofuna kutsimikiza, sinthani TXDELAY (nthawi yotumiza ma flag uthenga usanayambe) kuchoka pa 30 kufika pa 80. Nambala iliyonse ndi ma millisecond 10. Mapaketi odutsa akachuluka, wolakwa wapezeka. Koma musaisiye pamenepo, chifukwa mukhala mukutsekereza ena pa channel.

Mankhwala ake ndi PTT ya waya, kuti kompyuta izitsegula wailesi ngati mwadina batani lotumizira. Pa pulagi yaikulu ya 3.5 mm, mphete ya pakati ndi maiki ndipo tsinde lake ndi PTT. Pa yaing'ono ya 2.5 mm, nsonga ndi sipika, tsinde ndi ground. Matsinde awiriwa akakhudzana wailesi imatumiza. Tengani transistor ya 2N3904: collector ku tsinde la pulagi yaikulu, emitter ku tsinde la yaing'ono, base kudzera pa resistor ya 4.7k. Ngati sound card yanu ili ndi chip ya CM108, wotchererani kawaya pa pin 13, yomwe ndi GPIO3, n'kulemba PTT CM108 mu direwolf.conf. Apo ayi gwiritsani RTS ya chingwe cha USB serial, ndi diode ya 1N4148 yoteteza base. Chenjezo: musalumikize matsinde onse awiri ku ground ya sound card, wailesi ingokhala ikutumiza osaleka.

Mayi wa ku Zomba:
Bambo Wamawaya anena zoona, koma mbali yolandira nayonso imadya mutu wa paketi. Lowani mu menu ya UV-5R:

Menu 0, SQL, ikani 0. Squelch (yotseka phokoso pamene palibe wotumiza) ya wailesi imeneyi imachedwa kutseguka, ndipo Direwolf siifuna chifukwa imazindikira yokha ngati pali paketi pakati pa phokoso. Menu 3, SAVE, ikani OFF. Ambiri amagwera apa: pofuna kusunga batire wailesi imagona ndi kudzuka kangapo pa sekondi, ndiye paketi ikafika ili mtulo, chiyambi chake chapita. Menu 7, TDR, OFF, kuti isamadumphire ku channel ina. Menu 5 ikhale WIDE mbali zonse, menu 39, ROGER, OFF.

Mukatero yang'anani mzere wa audio level omwe Direwolf imalemba ikawerenga paketi. Nambala yoyamba ikhale pafupi ndi 50. Voliyumu ya wailesi yambani nayo pang'ono, ndipo pa kompyuta zimitsani AGC (yosintha voliyumu yokha) ndi mic boost.

Membala wa gulu:
Zikomo mayi. SAVE inali pa 3 mbali zonse. Nanga voliyumu yotumizira? Tinaikweza mpaka kumapeto poganiza kuti paketi ifika patali.

Wamawaya:
Ayi achimwene, pamenepo mpomwe pali vuto lalikulu kuposa VOX. Pa FM kukweza mawu sikuonjezera mtunda. Modem ya Bell 202 imagwiritsa ntchito mawu awiri, 1200 Hz ndi 2200 Hz. Polowera pa maiki wailesi imakweza mawu okwera, ndiye mukathira mawu ochuluka limiter imayamba kudula 2200 Hz pomwe 1200 Hz ikukwerabe. Kolandira, wailesi imatsitsanso mawu okwera monga mwa nthawi zonse. Mapeto ake 2200 Hz imafika itafooka kwambiri poyerekeza ndi inzake, ndipo modem imalephera kusiyanitsa. Manambala awiri amene amatsatira audio level aja akusonyeza mphamvu ya mawu awiriwa. Akatalikirana kwambiri, kawirikawiri wolakwa ndi wotumiza.

Sound card imatulutsa mpaka pafupifupi volt imodzi, pomwe maiki imangofuna ma millivolt ochepa. Ikani resistor ya 100k, kenako pot ya 10k yopita ku ground, ndi capacitor ya 1 µF pakati pa mwendo wapakati wa pot ndi maiki, yotchinga magetsi a DC amene wailesi imapereka ku maiki. Chofunika ndi deviation (mmene mawu amasunthira frequency) ya pafupifupi 3 kHz. Ngati mulibe chida choyezera, yambitsani Direwolf ndi -x kuti itulutse mawu oyesera, mverani pa wailesi ina, kwezani pot pang'onopang'ono mpaka mawu atasiya kukula, kenako bwezani mpaka amveke kuti atsika ndithu. Kuchepa pang'ono kuli bwino kusiyana ndi kupyola.

China: ngati eriyo ili pa wailesi pompo pafupi ndi laputopu, RF (mphamvu yotuluka pa eriyo) imalowa m'chingwe ndipo sound card imatha kuzimiririka pa USB paketi ili mkati. Vekani ferrite ya mix 43 pa zingwe zonse, tsitsani mphamvu pa LOW, ndipo eriyo muitulutse panja. Eriyo ya ground plane ya waya wa 49 cm ndi miyendo inayi yotalika chimodzimodzi ikwanira makilomita 6. Chingwe cha eriyo cha RG-58 chimataya pafupifupi 2 dB pa mamita 10 aliwonse pa band imeneyi, ndiye chisatalike.

Mnyamata wa ku Kitwe:
Akulu, bwanji osangopita pa 9600? Paketi ifupika, mavuto achepa.

Mayi wa ku Zomba:
Achimwene, pa wailesi imeneyi sizingatheke. 9600 ya G3RUH, yomwe anapanga James Miller, siyenda ndi mawu awiri aja. Imafuna kulowa mwachindunji pa modulator ndi kutuluka pa discriminator, osadutsa zosefa za maiki ndi sipika. Pamafunika wailesi yokhala ndi data port ya ma pin 6 ngati zina za Kenwood, Yaesu ndi Icom. Chomwe chingathandize apa ndi FX.25: lembani FX25TX 16. Imaonjezera ma byte okonzera zolakwika, koma TNC yakale imawerengabe paketiyo ngati AX.25 wamba. Muiyatse mutatha kukonza mawu, kuti isakubisireni vuto.

Woyang'anira gulu:
Ndiyankhe funso lachiwiri, chifukwa ili si la mawaya. Wopanda layisensi satumiza, olo paketi imodzi yoyesera. Ku Malawi layisensi imachokera ku MACRA ndipo callsign imayamba ndi 7Q, ku Zambia ndi ZICTA ndi 9J, ku South Africa ndi ICASA. Callsign yanu imalembedwa m'paketi iliyonse, ndipo zonse zotuluka ndi dzina limenelo mlandu wake ndi wanu. SSID, manambala aja 0 mpaka 15 olembedwa kumapeto kwa callsign, ndi osiyanitsira zipangizo zanu, monga -7 ya wailesi ya m'manja ndi -9 ya m'galimoto. Si njira yobwereketsera mnzanu callsign. Musasiyenso MYCALL, polembera callsign yanu mu direwolf.conf, pa N0CALL.

Kubisa uthenga n'koletsedwa. Article 25 ya ITU Radio Regulations, malamulo a wailesi a dziko lonse lapansi, imakana kulemba mauthenga a amateur m'njira yobisa tanthauzo lake, kupatula malamulo oyendetsera ma satellite a amateur. Za malonda nazonso sizilowa. Chilichonse chomwe simufuna kuti ena awerenge, tumizani pa foni. Dziwaninso kuti iGate (siteshoni yolumikizidwa ku intaneti) ikamva paketi yanu imaikweza pa intaneti, ndipo malo a nyumba yanu aoneka pa aprs.fi.

Africa ili mu Region 1, komwe band ya 2 m ndi 144 mpaka 146 MHz basi, ngakhale UV-5R imalola kutumiza kuchoka pa 136 mpaka 174. Musatengere 144.390 ya m'mavidiyo a YouTube, imeneyo ndi ya ku North America.

Membala wa gulu:
Zamveka akulu, mnzathuyo adikira pepala lake. Chomaliza: path tilembe WIDE1-1,WIDE2-1 monga ambiri amachitira? Ndipo tingayese bwanji mbali yolandira payokha popanda kudalira siteshoni inayo?

Wamawaya:
WIDE ndi pempho kwa digipeater (siteshoni yopatsira mapaketi patsogolo) kuti ibwereze paketi yanu. Poyesa pakati pa masiteshoni awiri omvana siyani path yopanda kanthu, paketi ifupika ndipo mudziwa kuti yafika mwachindunji. Beacon (paketi yodzilengezera) ya siteshoni yosayenda izituluka pa mphindi 30 zilizonse. Mukafuna kulumikizana nthawi yaitali kapena kutumizirana mafayilo, chokani pa 144.800, pitani pa frequency ina m'chigawo cha digital cha band plan, PACLEN (kutalika kwa paketi) 128, MAXFRAME (mapaketi otumizidwa yankho lisanabwere) 2 poyambira.

Za kuyesa kolandira, ikani wailesi pa 145.825 MHz nthawi imene ISS (International Space Station, siteshoni ya mumlengalenga) ikudutsa. Digipeater yake imayenda pa 1200 yomweyi, ndipo ulendo umodzi umatenga mphindi zosapitirira pafupifupi 10. Sankhani ulendo umene ikwere pamwamba ndithu, ndipo yambani mwaona pa tsamba la ARISS, gulu loyang'anira wailesi ya amateur pa ISS, ngati ili yoyatsa, chifukwa nthawi zina imazimitsidwa. Direwolf ikalemba paketi yokhala ndi RS0ISS, callsign ya ISS, mbali yolandira ilibe mlandu, ndiye bwererani ku pot ija ya mbali yotumiza.