Helldivers 2: ndizisewera ndekha kapena ndi gulu?

Anzanga okonda magemu kuno ku Lusaka, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi gemu yowomberana ya Helldivers 2 pa PS5, yomwe inatuluka mu 2024, ndipo nthawi zambiri ndimasewera ndekha usiku magetsi akabwera kuno ku Chilenje.

Pa mlingo wosavuta zimayenda. Koma ndikakwera pamwamba, adani akuluakulu onga tizilombo, ma Charger ndi Bile Titan, amandipha msanga. Munthu mmodzi amatenga ma stratagem (zida ndi thandizo loitanitsa kuchokera kumwamba) 4 okha ndipo akafa amadzutsidwa maulendo 5, pomwe gulu la anthu 4 limakhala ndi maulendo 20. Kodi inu osewera nokha mumanyamula chiyani? Ma sentry (mfuti zowombera zokha) amathandizadi, kapena ndi bwino kumazemba adani osalimbana nawo?

Gulu la anthu osawadziwa nalo limatopetsa. Zipolopolo za mnzako zimakupha, ndipo intaneti ikangochedwa pang'ono ena amakuchotsa osanena chilichonse. Komanso kusewera ndi ena kumafuna kulipira PlayStation Plus, ndalama yosachepa masiku ano.

Ngati alipo a ku Kabwata, Libala kapena kwina kuno amene amasewera Loweruka madzulo, tandiuzani, tipange gulu lathu. Nanga mumagwiritsa ntchito data ya foni kapena fibre?