Pasipoti ya amayi ikutha mu Ogasiti, kodi angapite nayo ku Germany?

Mwana wachisamba:
Abale, ndigawireniko nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 74, ndipo mng'ono wanga amene amakhala ku Frankfurt wawaitana kuti akaone mdzukulu wangobadwa kumene. Akufuna anyamuke mu Epulo, adzabwerere kumapeto kwa Juni. Dzulo ndatulutsa pasipoti yawo m'kathumba ka pulasitiki momwe amasungamo mabuku a kuchipatala, ndapeza kuti ikutha pa 20 Ogasiti. Iwo akuti bola sinathe, zokaima pamzere ndi mawondo awo aja sakuzifuna. Kodi angadutse nayo? China, ali ndi shuga, amadzibaya insulin m'mawa ndi madzulo. Ndege anakwerapo kamodzi kokha, bambo akadali moyo. Ulendo uno ali okha, n'chifukwa chake tulo sindikutiona.

Woyendayenda:
Achemwali, deti imeneyo isakunamizeni. Germany ili m'gulu la mayiko a Schengen, ndipo kumeneko amafuna pasipoti yoti ikhalebe ndi miyezi itatu kuchokera tsiku limene munthu akutulukako. Amayi akabwerera kumapeto kwa Juni, ndiye kuti iyenera kufika kumapeto kwa Sepitembala. Ya Ogasitiyo yaperewera. Amafunanso ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi, komanso ya masamba awiri opanda chidindo. Ngati akufunika visa, adzafunsidwanso inshuwalansi ya chipatala yosachepera ma euro 30,000, ndipo muwerenge bwino ngati ikulipira matenda amene munthu ali nawo kale, chifukwa zambiri zimazemba pamenepo. Yambani ndi pasipoti, kenako visa, tikiti pamapeto. Ine ndinachita chotembenuza ndi apongozi anga: tikiti ndinagula, pasipoti yatsopano n'kubwera dzina litasiyana chilembo chimodzi. Ndalama yokonzetsera inandiwawa. Komanso makina ojambula zidindo za zala anakana zala zawo maulendo angapo, mizere inafufutika ndi ukalamba, ndiye tsiku limenelo mupite ndi mtima wodekha.

Namwino wopuma:
Ine ndilankhulepo za insulin. Isalowe m'sutikesi yopita pansi pa ndege ayi. Kumeneko ikhoza kuzizira mpaka kuuma, ndipo ikatero yawonongeka ngakhale ioneke bwinobwino. Sutikesinso imatha kutsalira. Zonse, majekeseni, kamakina koyezera shuga, mapiritsi, zikhale m'chikwama cha m'manja, m'mabokosi ake enieni, osati zokhuthulira m'botolo limodzi monga amachitira azimayi athuwa. Lamulo loletsa zamadzimadzi zoposa 100 ml pa botolo m'chikwama cha m'manja limapatula mankhwala ofunikira paulendo, koma awaonetse pachipata pomwe amafufuza katundu. Adokotala alembe kalata ya Chingerezi yotchula mankhwala ndi mlingo wake, anenenso nthawi yobayira pa tsiku la ulendolo, poti chakudya cha m'ndege sichibwera nthawi imene thupi linazolowera. Atengenso mankhwala a masabata awiri apadera, ndi kanthu kotsekemera m'thumba. Ulendo ukaposa maola anayi, magazi amatha kuundana m'miyendo, ndiye muwasankhire mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti azidzuka popanda kudzutsa munthu.

Mdzukulu wa agogo:
Pemphaninso njinga ya olumala kukadali maola 48 kapena kuposa. M'mabwalo a ndege a ku European Union thandizoli ndi laulere. Agogo anga anayamba akana, ati sindine wodwala ine. Ataona kutalika kwa makhonde aja anakhala okha chete, wowakankhayo n'kuwafikitsa mpaka pakhomo la ndege yachiwiri. Muwalembere pakapepala adiresi ndi nambala ya mng'ono wanuyo, foni imatha moto.

Mwana wachisamba:
Zikomo nonse. Ndawawerengera mayankhowa mokweza. Za pasipoti avomera, tikupita Lolemba m'mamawa, kampando kopinda ndanyamula kale. Za njinga akuti aganiza kaye. Ine ndapempha kale, sindinawauze.