Pakhomo panga sipakundisangalatsa, ndiyambire pati mvula isanabwere?

Amake Mapasa, Magazine:
Muli bwanji nonse. Tili ndi nyumba ya mabuloko ku Magazine kuno ku Chipata, mkati mulibe vuto koma kutsogoloku ndiye kukundisowetsa tulo. Khoma linafiira kuyambira pansi mpaka m'mawondo, sitepe ya pakhonde inang'aluka, chitseko cha mukwa chinatuwa ndi dzuwa, ndiye pabwalo ndi fumbi lokhalokha, kusesa m'mawa pofika masana labwereranso. Mu Disembala kukubwera akuchimuna a mwana wanga kuchokera ku Lundazi kudzakamba za ukwati ndipo sindifuna alendo otere afikire pakhomo pooneka ngati palibe mwini. Ndasunga K3,000 chabe. Atate a ana akuti tigule penti tipake basi, ine mtima uli pa maluwa ndi mapeva, timiyala ta simenti toyala pabwalo. Inu amene munakonzapo pakhomo panu ndithandizeni maganizo.

Mmisiri wa ku Kapata:
Amayi, musanagule penti tulukani muimirire pakhomopo muyang'ane kumwamba. Denga lanu lili ndi gata, kangalande kolandira madzi m'mphepete mwa malata? Ndikufunsa chifukwa kufiira kwa khoma mpaka m'mawondo sikuti ndi kutha kwa penti ayi, ndi madzi a pamalata amene amagwa pansi n'kuthovukira kukhoma pamodzi ndi katondo wathu uyu wa ku Chipata. Mukapaka penti mu Novembala, pofika nthawi ya Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale khoma lidzakhala labwerera mwakale ndipo ndalama yapita.

Anthu samawerengera madzi amene denga limataya. Mvula ya mamilimita 25, imene kuno imatha kugwa madzulo amodzi, ikagwa pa mbali ya denga ya masikweya mita 40 imatulutsa malita 1,000, ndiye kuti madiramu asanu a malita 200, onsewo akugwera pamzere umodzi patsinde pa khoma lanu. Ndi madzi omwewa amene amafukula dothi kunsi kwa sitepe mpaka kung'aluka.

Ndiye ine ndikanakhala inu, choyamba gata kutsogolo kokhako ndi paipi yotsikira mu diramu. Chachiwiri apuloni, kakonkire kozungulira patsinde pa khoma, mulifupi masentimita 60 kapena kuposerapo, kotsetserekera kunja kuti madzi azithawa nyumba. Kasakanizidwe kake ndi muyeso 1 wa simenti, 2 wa mchenga wa kumtsinje, 4 wa miyala, ndipo muziithira madzi m'mawa ndi madzulo masiku 7, makamaka kutentha kwa Okutobala uku, apo ayi imauma msanga n'kuyamba ming'alu. Sitepeyo musangomata pamwamba, aigumule pomwe yafooka, atsendere dothi bwinobwino ndiye awumbenso. Penti ibwere pomaliza, penti ya madzi ya PVA kumtunda, koma m'munsimo mpaka m'mawondo pakani lamba wa penti ya mafuta yoderako, ya khofi kapena yofiirira, imeneyo mumangopukuta ndi nsanza. Mapeva pa ndalama mwatchulayo iwalani kaye, adya yonse.

Anaphiri a ku Kalongwezi:
Zimene akamba amisiriwa ndi zoona ndithu, ine zinandionekera. Tinaitana munthu wina kudzaika mapeva chaka chatha, sanayeze kutsetsereka kwake ndipo mvula yoyamba madzi onse anabwera kudzaima pachitseko mpaka kulowa mu sitingi rumu, kapeti inanunkha sabata yathunthu, tinachita kuzula mizere itatu kuti madzi apeze njira. Mpaka lero zimandiwawa.

Koma asisi maluwawo musawataye mumtima, safuna ndalama. Duranta, kaja kamasamba achikasu kamene mumakaona m'mipanda ya masukulu ndi matchalitchi, mumangopempha timitengo kwa aneba n'kuzika mvula ikayamba, timagwira mosavuta, kungoti pofika Disembala tidzakhala tikadali tating'ono. Za alendowo pezani miphika iwiri ikuluikulu, ngakhale mabaketi a penti a malita 20 obowola kunsi, muike uku ndi uku kwa chitseko muli maluwa okula kale. Bougainvillea ndimaikonda chifukwa imachita maluwa nthawi yachilimwe pomwe zina zonse zauma ndipo siimwa madzi ambiri, koma ili ndi minga, muibzale chakugeti osati pomwe ana amadutsa. Ndipo ngati kwanuko kumayenda mbuzi musabzale oleander, ndi poizoni kwa ziweto ndi ana omwe. Nkhuku nazo zimafukula chilichonse changobzalidwa kumene, ine ndimatchinga ndi timinga mpaka zitagwira.

Chitseko cha mukwa chonde musachipake penti! Anthu akulipira ndalama zambiri kufuna mtengo umenewo. Gulani sandipepa, muchikwecheze motsata mizere ya thabwa, mupukute fumbi, mupake vanishi wa panja kawiri kapena katatu, kudikira aume musanabwerezenso. Mudzaona kufiirira kwake kukubwerera ngati chatsopano.

Agogo a ku Katete:
Mwana wanga, ine ndinakulira m'nyumba ya dothi ndipo pakhomo pa amayi anga pankaoneka bwino kuposa nyumba zambiri za malata zimene ndikuona masiku ano. Ankazira khonde ndi dothi lakuda la kudambo n'kulikwecha ndi mwala wosalala mpaka kuwala, m'munsi mwa khoma ankadula mzere wowongoka, bwalo losesedwa dzuwa lisanatuluke mizere ya tsache ikuoneka. Khonde lanu ngati ndi la simenti yofiira, polishi ndi bulashi zikwanira, koma pa sitepe yomwe imanyowa musapake polishi wambiri, ife okalamba timaterereka. Gulaninso laimu mupake miyala yondandalika m'mbali mwa kanjira kochokera kugeti, ndi wotchipa. Ndipo chotsani zonse zimene zimaunjikana pakhonde, makasu, matumba a malasha, nsapato, njinga yakufa, zipite kuseri. Nkhuni ndi matabwa osazitsamiritsa kukhoma, zimaitana chiswe. Akuchimunawo akafika apeze mpando ndi mphasa pamthunzi.

Amake Mapasa, Magazine:
Zikomo kwambiri nonse, agogo zikomo. Ndatuluka kukayang'ana monga ananenera amisiri, gata kulibe ndipo pansi pali kangalande kokumbika ndi madzi kutsata mzere wa malata ndendende, zaka zonsezi ndimangokaona osadziwa kuti vuto ndi lomweli. Ndawaonetsa atate a ana avomera kuti penti idikire. Loweruka tipita ku Down Shops kukafunsa mitengo ya gata, simenti ndi vanishi. Funso lina amisiri, apuloniyo ikatha ndidikire masiku angati ndisanapake khoma, popeza pena pafunika kumata pulasitala?

Mmisiri wa ku Kapata:
Pomwe mwamata pulasitala watsopano dikirani masabata atatu kapena anayi aume mpaka mkati, mukafulumira penti imatupa n'kusupuka. Ndiye yambani sabata ino kuti muzipaka chapakati pa Novembala, musankhe tsiku lopanda mitambo muyambe m'mawa. Khoma lakalelo mulitsuke kaye ndi bulashi yolimba katondo yense achoke, liume, ndiye penti. Popita ku Down Shops mutenge muyeso wa kutalika kwa denga kutsogoloko, mabulaketi ogwira gata mugule okwanira kuti pa mita iliyonse pakhale imodzi.