Kodi womasulira Chiamhariki tingamupeze kuti?

Wa ku Muloza: Abale, mpingo wathu umakazonda anthu a ku Ethiopia amene amadwala paulendo wopita ku South Africa, koma sitimvana nawo. Kodi womasulira Chiamhariki waganyu tingamupeze kuti?

Wa ku Luchenza: Bambo, yambani mwafunsa ku Dzaleka, m'boma la Dowa, komwe kuli othawa kwawo ochokera ku Ethiopia, ndipo atha kumasulira pafoni. Koma fufuzani kaye chiyankhulo cha odwalawo, chifukwa ena amayankhula Chioromo kapena Chihadiya.

Wa ku Thyolo: Kudziwa chiyankhulo kokha sikokwanira. Wodwala akanena kuti "mutu ukundipweteka", womasulira anenenso chimodzimodzi, osawonjezera maganizo ake, ndipo zimene wamva m'chipindamo asakazinene kunja. Za malipiro mugwirizane ntchito isanayambe.