Maola 9 pa OR Tambo: ndituluke ndikaone Joni kapena ndingokhala?

Abale anga okhala ku Joni, ndithandizeni nzeru. Mwezi wa mawa ndili ndi ulendo wa kuntchito wopita ku London. Ndege yochokera ku Lilongwe ikatera pabwalo la ndege la OR Tambo ku Joni cha m'ma 12 koloko masana, inayo ikanyamuka 9 koloko usiku. Zoti ndikakhale pabenchi maola onsewo n'kumangoyang'ana katundu woti sindingagule, ayi ndithu. Malemu bambo anga anagwirako ntchito kumigodi nthawi ya Wenela, ndiye mtima ukufuna nditapondako mumzindawo olo pang'ono. Kodi ndi pasipoti yathuyi amalola kutuluka pabwalo la ndege? Ku Soweto ndingafike n'kubwerera? Nanga chikwama? Ndine mayi, ndikhala ndekha, ndipo za umbava wa kumeneko timazimva.

Wa ku Kempton Park: Achemwali, kutuluka mutuluka. Amalawi timalowa mu South Africa popanda viza mpaka masiku 30. Mukatsika musatsate zikwangwani za transit, pitani pamzere wa olowa m'dziko, akudindireni. Tikiti ya ku London ikhale pafupi, akafunsa muwaonetse. Za chikwama, mukafunse ku Lilongwe komweko ngati akuchitumiza mpaka ku London. Ngati tikiti ndi imodzi nthawi zambiri chimapita chokha. Chakumanjacho mutha kuchisiya posungitsa katundu pabwalo pomwepo, amalipiritsa.

Mayi wa ku Rosettenville: Maola 9 amenewo ndi apapepala asisi. Tiyeni tiwerenge. Kutsika ndi kudutsa ku imigireshoni, ola lapita, mwina kuposa ngati ndege zatera zambiri nthawi imodzi. Ndege ya 9 usiku ya kunja ikufunika mukhale mwabwerera pofika 6 koloko. Ndiye mwatsala ndi maola 5, ndipo kupita ndi kubwera kuli momwemo. Soweto ili mbali ina ya mzinda, bwalo la ndege lili kum'mawa, iyo kumwera chakumadzulo. Kupita masana sikuvuta, koma pobwerera mukakumana ndi anthu oweruka. Kuyambira 4 koloko pamphambano ya misewu ikuluikulu ya Gillooly's paja magalimoto amangokwawa ngati nkhono. Ine Soweto ndingati isungeni ulendo wina.

Mnyamata wa Uber: Amama akunena zoona koma asakuopsezeni. Ngati si tsiku la ntchito, Loweruka kapena Lamulungu, Vilakazi Street mufika bwinobwino, muone nyumba ya Mandela ya nambala 8115, ya Tutu ili msewu womwewo, chikumbutso cha Hector Pieterson, mwana wasukulu amene anawomberedwa pazionetsero za ku Soweto, chili pafupi. Ndi tsiku lanji?

Wofunsa: Lachinayi achimwene.

Mnyamata wa Uber: Aaa, basi iwalani.

Bambo wa ku Midrand: Kwerani sitima ya Gautrain mayi, nkhani ithe. Siteshoni ili m'bwalo la ndege momwemo, simutuluka n'kunja komwe. Mphindi 15 muli pa Sandton, ndipo sitima ilibe nazo ntchito zoti anthu aweruka. Anaitsegula mu 2010 pokonzekera World Cup, mpaka lero ndi yaukhondo, alonda ali ponseponse. Mtengo wochokera pabwalo la ndege ndi wokwera kusiyana ndi masiteshoni ena, konzekani. Mumagula khadi lawo, kapena kugunditsa khadi la kubanki ngati lanu limalola. Pa Sandton mungodutsa msewu, mwafika pa Nelson Mandela Square pomwe pali chiboliboli chachikulu chija, mudye, mujambulitse.

Koma poti mwatchula za bambo anu, Sandton siikuuzani kanthu za iwo. Kuja ndi kwa mabanki ndi mashopu. Sinthani sitima pa Sandton, mutsikire pa Rosebank, muitane Uber akutuleni pa Constitution Hill ku Braamfontein. Inali ndende. Gandhi anatsekeredwako, Mandela nayenso. Kuli chigawo chotchedwa Number Four komwe ankasungako amuna akuda, ambiri mlandu wawo unali wongopezeka opanda chiphaso basi. Mukalowa m'tizipinda ta mdima tija, zitseko zachitsulo zili ndi mayina amene akaidi anakanda okha, mumvetsa dziko limene madala athu ankayendamo. Khoti lalikulu loona za malamulo a dziko analimanga pamalo omwewo, njerwa zina anazitenga kundende yomwe anagumula. Maola awiri akukwanirani. Ku Newtown kulinso Workers' Museum, komboni yakale ya anthu obwera kudzagwira ntchito, mabedi ake a simenti akadali pomwepo. Inali ya antchito a khonsolo osati a mgodi, koma kagonedwe kake n'kofanana ndi kamene madala ankasimba. Zonse ziwiri tsiku limodzi musayese, sankhani chimodzi, ndipo muone kaye pa intaneti ngati atsegula tsikulo.

Mayi wa ku Rosettenville: Bola zimenezo. Kungoti musatsikire pa Park Station, siteshoni ya pakati pa mzinda, n'kuyamba kuyenda pansi ati poti pamapu pakuoneka pafupi. Foni m'thumba, osati m'manja. Uber muziitanira m'kati mwa nyumba, ikafika muyang'ane nambala ya galimoto musanakwere. Pabwalo la ndege aja okuthamangirani kuti "taxi, mama" ingowakanani. Pasipoti ikhale pathupi, apolisi akakuimitsani chidindo chija ndiye mboni yanu.

Wa ku Kempton Park: Makwacha kuno sayenda, bwerani ndi marandi pang'ono kapena madola. Wifi pabwalo ilipo yaulere, koma mukatuluka mufunika data ya Uber, gulani simu pomwepo, amalembetsa ndi pasipoti. Wotchi musasinthe, nthawi ndi imodzi ndi kumudzi. Ngati ndi June kapena July tengani juzi yeniyeni, dzuwa likangolowa kuno Dedza amachepa.

Wina: Ine ndiye sindingatuluke. Ndege ikakusiyani akulipirirani tikiti ina ndani, a pagulu pano?

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndasankha Constitution Hill, 5 koloko ndikhale ndili m'sitima yobwerera. Bambo a ku Midrand, khadi langa la kubanki ndi la kumudzi kuno, pageti la Gautrain limagwira kapena ndingogula lawolo?

Bambo wa ku Midrand: Gulani lawolo mayi, muikemo ndalama ya kupita ndi kubwera nthawi imodzi. Makadi akumudzi ena amakana, ndipo madzulo pamakina pamakhala mzere.