Ndani angandiunikire kalata yodzifotokoza ya UCAS ya maphunziro a uinjiniya?

Wofunsa:
Ndikufunsira malo a uinjiniya wa makina m'mayunivesite a ku Britain kudzera ku UCAS, bungwe limene limalandira mafomu ofunsira malowo, ndipo ndamaliza kulemba kalata yodzifotokoza. Ndayamba ndi kunena kuti ndakhala ndikukonda makina kuyambira ndili mwana, kenako ndatchula mabuku amene ndawerenga ndi kapampu ka madzi kamene ndinapanga kusukulu. Kodi ndiyiike pano yonse kuti mundiunikire?

Mphunzitsi wa fizikisi:
Chonde musayiike poyera. UCAS imayerekeza kalata iliyonse ndi zimene inalandira kale komanso zimene zili pa intaneti, ndipo wina akakopera ziganizo zanu, mayunivesite amadziwitsidwa za kufananako, zomwe zingakuikeni pa mlandu umene simunapalamule. Ipatseni mphunzitsi wanu wa masamu kapena wa fizikisi, makamaka amene adzakulembereni kalata yaumboni.

Chiganizo chonena za ubwana wanu chichotseni, chifukwa owerenga amachiona m'makalata ambirimbiri ndipo sichiwauza kanthu. Mphamvu yanu ili pa kapampu kaja. Fotokozani vuto limene mumafuna kuthetsa, mmene munayezera madzi otuluka pa mphindi imodzi, pamene kanakanika, ndiponso masamu amene anakuthandizani kukakonza. Malo olembapo ndi ochepa, pakuti malire ndi zilembo 4,000 kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo kwa olowa m'chaka cha 2026 kupita m'tsogolo zilembozo zimagawidwa pa mafunso atatu. Buku limodzi limene mwaliganizira mozama lidzakuthandizani kuposa mndandanda wa mitu ya mabuku.

Wophunzira wa chaka chachiwiri:
Kumbukiraninso kuti kalata imodziyo imapita ku maphunziro onse amene mwasankha, omwe angafike asanu, choncho musatchule dzina la yunivesite iliyonse. Ku Cambridge ophunzira amaphunzira nthambi zonse za uinjiniya pa zaka ziwiri zoyambirira, pomwe ku Imperial College ya ku London munthu amasankhiratu nthambi yake polowa, ndiye kalatayo iyenera kukhutiritsa mbali zonse ziwiri. Ngati Cambridge kapena Oxford ili pa mndandanda wanu, tsiku lomaliza ndi 15 Okutobala.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri. Nanga ndiyionetse kwa anthu angati?

Mphunzitsi wa fizikisi:
Awiri kapena atatu ndi okwanira, ndipo iwo azikufunsani mafunso m'malo mokulemberani ziganizo. Mukaitanidwa kukayankha mafunso pamasom'pamaso, mwina adzakufunsani za mzere uliwonse umene munalemba, ndipo mudzauteteza bwino ngati maganizowo anachokera kwa inu.