Thonny ndi gcc zikukana kulowa pa makompyuta opanda intaneti

Wa_ku_Lobi:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Lab yathu ili ndi makompyuta akale, tinaikamo Ubuntu 24.04, intaneti kulibe. Ndikufuna ana ayambe Python teremu ino. Ndinapita ku Dedza boma ndi laputopu, kugula bandulo, kukoka thonny ndi geany (mapulogalamu olemberamo code) komanso build-essential (phukusi lobweretsa gcc, compiler ya C) pogwiritsa ntchito apt-get download, ma .deb onse (mafayilo oikira mapulogalamu) pa flash. Kufika kuno sudo dpkg -i *.deb, chotuluka ndi "dependency problems - leaving unconfigured" mpaka sikirini kudzaza. Thonny ikufuna python3-tk, build-essential ikufuna g++ ndi libc6-dev. apt --fix-broken install nayo ikufuna intaneti yomwe kulibeyo. Pa laputopu ndimati ndizembere pa pip (choikira maphukusi a Python), akuti externally-managed-environment. Ahedi akufunsa m'mawa uliwonse. Nditani?

Fundi_wa_pa_Lizulu:
Achimwene, musavutike ndi ma .deb. Tengani kompyuta imodzi, pitani nayo komwe kuli netiweki, ikani zonse, kenako Clonezilla, pulogalamu yokopera disk yonse. Image imodzi, makina onse. Basi.

Madam_ICT_Ntcheu:
Aphunzitsi, apt-get download imakoka phukusi lokhalo lomwe mwalitchula, za dependency (maphukusi ena omwe limadalira) siziikhudza. Yokoka zonse ndi apt-get install --download-only, ndipo imaziika mu /var/cache/apt/archives. Koma chenjerani: imakoka zokhazo zomwe laputopuyo ilibe. Ngati laputopu yanu ili kale ndi gcc, siikoka, mufikanso ku Lobi muli manja lende. Kokerani pa makina omwe mwangoikamo Ubuntu kumene, ofanana ndi a mu lab. Komanso lembani apt-get, osati apt. Mukapanga apt install wamba, ma .deb amafufutidwa akangolowa.

Wa_ku_Lobi:
Laputopu ili pa 22.04 madam. Zili ndi kanthu?

Madam_ICT_Ntcheu:
Iii, zili ndi kanthu kwambiri. 22.04 ndi jammy, Python wake 3.10. 24.04 ndi noble, Python 3.12. Flash imeneyo musaikenso pa makina ena. Koma dikirani, uthenga wa pip mwautchulawo unayamba ndi 23.04, pa jammy sutuluka. Tapangani lsb_release -a pa laputopu ndi pa makina a lab, mutiuze Ubuntu yemwe alimo.

Fundi_wa_pa_Lizulu:
Mwaonatu? Jammy, noble, lsb chakuti. Clonezilla safunsa zonsezo.

Mkulu_wa_ma_seva:
Safunsa, inde, koma a Fundi muwauzenso kuti makina onse amatuluka ndi hostname (dzina la kompyuta) imodzi ndi /etc/machine-id imodzi. Ine ndinaitanidwa pa ofesi ina mbali ya ku Bembeke komwe munthu anapanga clone n'kunyamuka. Anandiuza kuti switch yafa, anali atalemba kale kalata yopempha ndalama yogulira ina. Vuto linali dzina limodzi pa makompyuta onse. Komanso ma hard disk a makina opatsidwa safanana kukula. Image yochokera pa disk ya 500GB siilowa bwinobwino pa ya 250GB. Ukafuna clone, yambira pa disk yaing'ono kwambiri.

Kunena za funso lenileni: ikani dpkg-dev, sonkhanitsani ma .deb mu foda imodzi, mupange dpkg-scanpackages . /dev/null > Packages muli m'fodamo. Pa makina a lab kopani fodayo ku /opt/repo, mulembe deb [trusted=yes] file:/opt/repo ./ mu kafayilo ka .list pansi pa /etc/apt/sources.list.d. Kenako apt update, ndipo apt idzisankhira yokha choyamba kulowa. Musaloze pa flash mwachindunji, njira ya /media imasintha malinga ndi yemwe walowa. Ndipo trusted=yes akutanthauza kuti apt siyang'ananso siginecha, ndiye musaponyemo ma .deb otola kwa anzanu pa WhatsApp.

Mnyamata_wa_Tsangano:
Bwanji osangopanga pip install thonny --break-system-packages? Kwa ine inayenda.

Mkulu_wa_ma_seva:
Mphwanga, dzina la flag limenelo waliwerenga? Zida zambiri za Ubuntu zimadalira Python yemweyo. Lero zayenda, tsiku lopanga upgrade udzalira wekha. Ngati pip ikufunikadi, python3 -m venv, ma wheel (mafayilo a maphukusi a Python) ukoke ndi pip download, uike ndi --no-index --find-links. Ndipo tkinter, yemwe Thonny imadalira pojambula mawindo ake, sachokera ku pip, python3-tk afunikabe.

Madam_ICT_Ntcheu:
China chomwe palibe wanena ndi nthawi. Makina akalewa mabatire a CMOS, osunga nthawi ya kompyuta, anatha kale. Magetsi akathima, kompyuta imadzuka ili chaka china, apt n'kumati Release file "is not valid yet". Ine ndinathera Loweruka lonse mu lab mu June, kuzizira kwake kuja zala zosagwira kiyibodi, ndikusinthasintha ma mirror, pomwe vuto linali kabatire ka CR2032. Lembani date musanachite chilichonse. Ndipo magetsi akathima dpkg ili pakati, musafufute ma lock mwachisawawa, yambani ndi sudo dpkg --configure -a.

Fundi_wa_pa_Lizulu:
Zonsezi mukuzichita pa makina amodziamodzi? Mpaka mayeso afika. Za hostname ndi mphindi ziwiri ndi hostnamectl. Ndanena kale ine, Clonezilla.

Mkulu_wa_ma_seva:
Nanga teremu ya mawa akafuna kuwonjezera git? Apanganso image, ntchito za ana zonse fufutu?

Fundi_wa_pa_Lizulu:
/home amaika pa partition yake bwana. Si ine ndinayambitsa zimenezo.

Mnyamata_wa_Tsangano:
Pepani ndalowerera. Ife tili ndi makina a 32-bit angapo, Ubuntu watsopano sakulowa. Tiikemo chiyani?

Mkulu_wa_ma_seva:
Debian 12, bookworm, ali ndi i386. Debian 13 yemwe anatuluka mu 2025 alibenso installer ya 32-bit, ndiye dziwiratu kuti msewu umenewo ukuthera pomwepo. Koma yamba waona lscpu. Makina ambiri a Core 2 Duo ndi 64-bit, kungoti anabwera ndi Windows ya 32-bit anthu n'kumaganiza kuti ndi mmene alili.

Madam_ICT_Ntcheu:
A ku Lobi, lsb_release ija yati chiyani?

Fundi_wa_pa_Lizulu:
Mwina ali pa kabaza ndi CPU, akupita ku boma. Alipo amene ali ndi RAM ya DDR2 yogulitsa mbali ya Ntcheu?